Zitsa Khumi za pa Puloti 23

"Zisanu ndi zinayi," anatero Mandevu akuwongola msana. "Ichi ndapondachi ndi chachikhumi. Mwalemba, mayi?"

Singano anaima pakati pa phulusa, kampasi ikulendewera m'khosi, fomu ya chaka chatha ili m'manja. Fomuyo inkati pa puloti 23 pali mitengo khumi ndi isanu ndi itatu, yonse yamoyo, uliwonse ndi kachitsulo kake ka nambala kokhomedwa pa thunthu. Koma pamaso pake panali zitsa zakuda bii ndi timitengo tingapo tofota masamba. Moto wolusa unali utadutsa pamenepo sabata ziwiri m'mbuyomo, ndipo unadetsa chilichonse mofanana.

Ntchito yawo inali ya m'chilimwe. Mvula ikaleka, ofesi ya paki inkalemba anthu kwa miyezi inayi kuti ayendere mapuloti, timalo tosankhidwa m'nkhalango, aone ngati mitengo ili bwino. Ankayeza kunenepa kwa mtengo uliwonse pa mzere wa penti wofika m'chifuwa, kuyang'ana masamba ndi makungwa, n'kulemba wodwala, wakufa kapena wodulidwa. Singano anali m'chaka chachisanu ndi chimodzi pa ntchitoyi, chachiwiri akutsogolera gulu. Dzinalo anamupatsa ndi anzake chifukwa anali wamtali ndi wowonda, ndiponso akaloza ndi chala kuti puloti ili uko, inkapezekadi komweko. Kamakina kolozera malo kanali kamodzi ndipo kanapita ndi gulu lina, koma iye sanakadandaule. Anali ndi kampasi, tepi yaitali, ndi khadi lakale la puloti iliyonse lonena poyambira, madigiri ndi mamita. Khadi la 23 linkati: yambirani pa mwala wa simenti wa m'mbali mwa msewu, madigiri 40, mamita 600.

"Koma mayi," anatero Mandevu, amene ankanyamula tepi ndi nyundo, "chulu chija chapita kuti? Chaka chatha tinapumira pa chulu, linthumbu n'kundilowa m'buluku, inu n'kuseka mpaka misozi."

"Chulu chilipo chimodzi m'nkhalango muno? Mwasokoneza ndi puloti ina."

"Nanga chikhomo chapakati? Chitsulo sichipsa ndi moto wa udzu."

"Munthu wodula mitengo khumi angasiye chitsulo chaulere? Pano anachisula kale, ndi mpeni wa mkazi wake. Manambala nawo anachotsa kuti tisokonezeke."

"Wamisala anaona nkhondo," anadandaula Mandevu akudzikanda ndevu. "Lembani, a sukulu ndinu."

Panalinso munthu wachitatu. Bambo a Mapasa, mlonda wa chigawo chimenecho, ndiwo ankawaperekeza ndi mfuti. Masiku onse ankatsogola patali, koma m'mawa umenewo anaona ndowe za njati zikadali zofunda, ndi timapazi ta mwana wake. Choncho anayenda ulendo wonse atamatirira pa phewa la kumanja la Singano. Tsopano ankangoyang'ana zitsazo, chipewa chili m'manja.

"Mayi, ine ndimadutsa kuno mwezi ndi mwezi," anatero motsitsa mawu. "Macheka sindinawamvepo. Ngakhale mapazi a ngolo sindinawaone."

"Ine ndimalemba zimene ndaona, bambo. Zinazo mukafotokoza ku ofesi."

Analemba mawu oti "wodulidwa" kakhumi, mzere ndi mzere. Timitengo totsalato sitinkagwirizana bwino ndi fomu yakale, koma iye anati n'chifukwa cha moto ndi kusowa kwa manambala. Mandevu anakhoma chikhomo chatsopano, Singano anasaina, ndipo anabwerera ku msewu.

Fomuyo inafika ku ofesi Lachisanu. Lolemba Bambo a Mapasa anauzidwa kuti apereke mfuti akakhale pakhomo. Bwana wa paki anati milombwa ndi miwanga khumi siingatuluke m'chigawo mlonda osadziwa. Kaya anagona, kaya anadya nawo. Akuluakulu atatu a ku likulu anayenera kubwera Lachisanu la sabata yotsatira kudzamva mlanduwo. Aliyense ankadziwa mathero a milandu yotere. Ntchito imatha, ndipo nyumba ya paki umaituluka mwezi usanathe.

Oyeza mitengo ankagona m'matenti kuseri kwa nyumba za alonda, ndipo mpopi unali umodzi. Lachitatu ataweruka, Singano anapeza Mayi a Mapasa pa mpopipo akuchapa mayunifolomu a ana awo amapasa.

"Mwaswera bwanji, mayi?"

"Taswera. Kaya inu olemba."

Singano anaika chidebe pansi. Mayiwo sanasunthe beseni lawo.

"Zaka khumi ndi zinayi," anatero akufikisa kolala mwamphamvu. "Bambo aja anathyoka nthiti ziwiri akuthamangitsa opha njovu. Ana anga akulemba mayeso mwezi wamawa pa sukulu yomweyi. Inu mumabwera ndi chilimwe ngati kamvuluvulu, mvula ikagwa mwapita. Otsala ndife."

"Sindinalembe kuti adula ndi iwo. Ndinalemba kuti mitengo yadulidwa."

"Cholembera chanu n'chaulemu, eti? Chimaluma chikusekerera."

Mawuwo anamupweteka Singano, koma sanamukayikitse. Anali atatambasula tepi ya mamita 50 kakhumi ndi kawiri, ndipo pa kutambasula kulikonse anayang'ana kampasi. Anadikira mpaka mayiwo atatsukuluza zonse, kenako anatunga madzi ake.

M'malo mwa Bambo a Mapasa anawapatsa mlonda wina amene ankamutcha Wailesi, chifukwa pakamwa pake panalibe chozimitsira. Loweruka m'mawa anali pa ulendo wa ku puloti 31. Singano anaima poyambira, chigongono m'nthiti, kampasi ili pa chikhatho, akudikira kuti singano yake yofiira ikhazikike. Itakhazikika, anakweza dzanja n'kumuuza Mandevu, amene anali kutsogolo ndi nsonga ya tepi, kuti asendere kumanzere.

Nthawi yomweyo Wailesi anafika kumbuyo kwake ndi nkhani ya apongozi ake, amene anabwera kudzacheza masiku atatu ndipo tsopano anali m'mwezi wachitatu.

"Ndiye dzana ndikuwafunsa mwaulemu, ndikuti amayi, kodi nkhuku zanu akudyetsa ndani kumudzi? Mukudziwa chimene anayankha?" Anaweramira ku khutu la Singano, mfuti ili pa phewa.

Singano ya kampasi inasuntha. Inayenda pang'onopang'ono kulowera kwa Wailesi, ngati nayonso ikufuna kumva yankho la apongozi. Singano, maso ali pa madigiri, anakweza dzanja n'kumuuza Mandevu kuti asendere kumanja.

"Mayi, sankhani!" anakuwa Mandevu. "Kumanzere kapena kumanja? Ine si mbuzi ya pa chingwe!"

Singano anatsitsa dzanja. Anayang'ana kampasi, n'kuyang'ana Wailesi.

"Achimwene, tabwererani m'mbuyo."

Wailesi anabwerera, ndipo singano yofiira inabwerera pamalo pake.

"Tabweraninso."

Inasunthanso.

"Bwererani. Bweraninso."

"Kodi mukundivinitsa?" anafunsa Wailesi. "Ng'oma yake ili kuti?"

"Yedzekani mfutiyo pa mtengo apo, mubwere nokha."

Wailesi anang'ung'udza kuti mfuti si ambulera, komabe anaiyedzeka. Anabwera manja okha mpaka kukhudzana mapewa ndi Singano. Singano yofiira sinagwedezeke n'komwe.

Lamulo limeneli Singano ankalidziwa ngati dzina lake. Chaka chilichonse ndiye ankauza atsopano kuti nyundo, misomali ndi chikwanje zizikhala kutali ndi kampasi. Ngakhale makiyi ake ankawasiya m'tenti. Chitsulo chimodzi chokha ndicho sanachiwerengerepo, chifukwa masiku onse chinkayenda patsogolo, mapazi makumi atatu kuchokera pa iye. Kupatula tsiku la njati.

Anauza Wailesi kuti atenge mfuti aime ku dzanja lake lamanja, monga anaimira Bambo a Mapasa. Anawerenga kusiyana kwake. Madigiri khumi ndi awiri. Anagwada pansi, n'kujambula mizere iwiri pa dothi ndi kamtengo, yochokera pamodzi koma yosiyana pamene ikupita. Pa mamita 600, mizereyo inkatalikirana kuposa bwalo la mpira.

"Chulu chanu chija chilipo, a Mandevu," anatero osadzutsa mutu.

Anamaliza puloti 31 mfuti ili kutali, ndipo chikhomo anachipeza pansi pa phazi lenileni la Mandevu. Pobwerera, Wailesi anatsogola akudziyankhulira yekha. Mandevu anachepetsa liwiro kuti ayende limodzi ndi Singano.

"Mlongo wanga, ndinene ngati wamkulu," anayamba. "Madzi akatayika saoleka. Zitsa zilipo, tinaziona tonse, ndipo zili m'chigawo chawo chomwecho. Mukakangotsegula pakamwa, Bwana adzati mapuloti onse a chaka chino ndi okayikitsa. Chaka chamawa kampasiyo adzaipachika m'khosi mwa wina."

"Si inu munkanena za chulu?"

"Ndinkanena kutchire. Ku ofesi ndilibe pakamwa, ndili ndi ndevu zokha."

"Fomu yanga ikuti mitengo imene inali yamoyo chaka chatha yadulidwa chaka chino. Ngati mitengoyo ikadali chiimire, fomuyo ikunama, ndipo munthu akuchotsedwa ntchito chifukwa cha bodza langa. Mawa tikupita ku 23."

"Mawa ndi tsiku lopuma! Masokosi anga akudikira kuchapidwa."

"Akhala akudikira kuyambira mwezi watha. Sadzafa mawa."

Wailesi anavomera msanga. Anati tsiku lililonse kutchire ndi tsiku limodzi lopanda apongozi. Onse atatu anakwera thirakitala yopita kukalambula njira zotchinga moto, natsika pa mwala wa simenti uja dzuwa lisanakwere. Singano anawerenga mapazi makumi awiri n'kumuimika Wailesi pamenepo.

"Musandiyandikire kuposa apa. Nkhani zanu muzichita kukuwa."

Anayamba. Madigiri 40, tepi yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Pofika yachisanu anazindikira kuti akuyenda pamalo amene sanapondepo tsiku lija. Anadutsa kakhwawa kouma, kenako msuku wogawikana pawiri umene anaukumbukira bwinobwino kuchokera chaka chatha. Tsiku la njati sanauone, ndipo sanadzifunse chifukwa chake. Pa tepi ya khumi ndi ziwiri Mandevu anaponya nsonga pansi n'kuyamba kudumphadumpha akudzimenya m'miyendo.

"Ndi pompano! Abale anga andizindikira!"

Anali ataima pa chulu, linthumbu likumukwera. Pafupi pomwepo panali chikhomo chachitsulo, penti yake yofiira itathetheka ndi moto. Mozungulira panali mitengo italiitali, yakuda m'tsinde koma yobiriwira kunsonga, uliwonse ndi kachitsulo kake ka nambala. Singano anaiyendera umodziumodzi, akuikhudza ndi chikhatho. Khumi ndi isanu ndi iwiri inali chiimire. Wakhumi ndi chisanu ndi chitatu unali pansi, utazulidwa ndi njovu, mizu ili m'mwamba.

Anaiyeza yonse monga mwa ntchito, osadumpha ngakhale umodzi, ndipo anaijambula ndi foni, manambala akuoneka. Atamaliza anapita ku zitsa zija. Ulendo uno Singano sanatulutse fomu. Anatenga mpeni n'kupala chitsa chimodzi. Pansi pa mwaye panali nkhuni yofumbwa, yodyedwa ndi chiswe, yonyenyeka ngati buledi wa dzana. Chachiwiri chimodzimodzi. Anakwera pa chitsa chachikulu n'kuyang'ana zinzake, ndipo anaona chimene akanachiona tsiku loyamba akadadzutsa maso pa pepala. Zitsa zonse khumi zinali pa mzere umodzi wowongoka. Wakuba amasankha mtengo wonenepa uku ndi uku, sadula ngati akulima mzere. Kumapeto kwa mzerewo Wailesi anapunthwa pa chipilala chogwa, chili ndi waya wa dzimbiri.

"Mawaya a telefoni akale," anatero. "Mitengoyi anaidula polambula njira yake. Agogo anga anagwirako ntchito imeneyi. Bambo a Mapasa nthawi imeneyo anali asanayambe n'kumeta komwe."

Mandevu anazula chikhomo chatsopano chija n'kuchiika pa phewa.

Lolemba m'mawa Singano anali pa khomo la ofesi isanatsegulidwe. Bwana anamulowetsa akuvula jekete. Anali munthu wotopa, wa magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi, ndipo pa tebulo pake panali mafayilo ofika m'chigongono. Singano anaika mafomu awiri patsogolo pake, yabodza ndi yoona, n'kufotokoza zonse kuyambira pa ndowe za njati. Bwana anayang'ana zithunzi za mu foni nthawi yaitali, kenako anavula magalasi n'kudzitikita m'maso.

"Mukudziwa kuti kalata yanga ili kale ku likulu? Ndinalemba kuti ndagwira mlonda wodya ndi akuba. Anandiyamikira pa foni."

"Ndikudziwa, bwana."

"Ndiye ndiwaimbire ndiwauze kuti mitengo yadzuka kwa akufa?" Anapumira m'mwamba. "Tamverani, mayi. Mlandu uyende. Ine ndidzapempha kuti asamuchotse, angomusamutsira kwina. Fomu yabwinoyi tidzailowetsa chaka chamawa mwakachetechete. Inu dzina lanu likhala loyera, langanso chimodzimodzi."

"Nanga akakana pempho lanulo?"

Bwana anatembenuzira maso ku mafayilo ake.

"Ndipo akamusamutsa, amusamutsa ngati wakuba," anapitiriza Singano. "Ana ake akulemba mayeso mwezi wamawa. Bwana, fomu yolakwikayo ili ndi siginecha yanga. Ndiloleni ndidzaime ndekha pamaso pa akuluakuluwo Lachisanu. Inu munachita zimene pepala linakuuzani."

"Mukudziwa kuti atsogoleri a magulu amasankhidwa ndi anthu omwewo?"

"Ndikudziwa."

"Ndipo mukuganiza kuti adzakupatsaninso gulu?"

"Kaya. Koma puloti 23 ndikudziwa pamene ili."

Bwana anavalanso magalasi, n'kumuyang'ana ngati akumuona koyamba.

"Lachisanu, 9 koloko. Mudzabwere ndi kampasi yanuyo. Anthu a ku likulu sakhulupirira chinthu chimene sanachione."

Lachisanu akuluakulu atatu anakhala mbali imodzi ya tebulo lalitali, amuna awiri a mataye ndi mayi mmodzi wa imvi amene ankatsogolera. Bambo a Mapasa anakhala pa mpando wapayekha pafupi ndi zenera, atavala malaya oyera a kunyumba amene ankawathina m'khosi. Singano atalowa, bambowo anayang'ana pansi.

Singano anafotokoza mwachidule, osadzichepetsa mopitirira ndiponso osadziikira kumbuyo. Anati mfuti inakoka kampasi, anasochera ndi madigiri khumi ndi awiri, anafika pamalo olakwika, mnzake anamuchenjeza kawiri koma iye sanamve. Anapereka mafomu ndi zithunzi.

"Mfuti kukoka kampasi?" anafunsa mmodzi wa a mataye aja. "Mayi, kodi bambo awa ndi abale anu?"

"Ayi. Akazi awo sakundiyankhula n'komwe."

"Tionetseni," anatero mayi wa imvi.

Singano anaika kampasi pa tebulo. Singano yofiira inazungulira n'kukaloza kumene kunali kabati ya mafayilo. Anaisuntha, ndipo inaloza ku chitseko. Wa taye uja anayamba kumwetulira.

"Kampasi yanuyo ndi yoledzera basi."

Singano anasuzumira pansi pa tebulo.

"Tebuloli lili ndi miyendo yachitsulo, bwana. Kabatiyo nayonso. Ndikupempha tituluke panja."

Anatuluka onse, n'kukaima pakati pa bwalo la mchenga, dzuwa likuswa mtengo. Alonda ndi akazi awo anayamba kusuzumira m'mipanda. Singano anapatsa kampasi mayi wa imvi uja kuti aigwire yekha, n'kumuonetsa poika chigongono. Kenako anakodola Wailesi.

"Bwerani, achimwene. Ku dzanja lamanja."

Wailesi anabwera akuguba ngati pa perete. Mayi wa imvi anakweza nsidze.

"Bwererani," anatero mayiyo yekha. "Bweraninso. Bwererani." Anapatsira kampasi mnzake wa taye. "Gwirani, muone kuledzera kwake."

Wa tayeyo anamuyendetsa Wailesi kanayi. Kachisanu Wailesi anati ngati kuvinaku kupitirire, wina amugulire zakumwa.

Atabwerera m'chipinda sanachedwe. Mayi wa imvi anati mlandu palibe, ndipo Bambo a Mapasa abwerere ku ntchito Lolemba. Kenako anatembenukira kwa Singano.

"Inu mumalize nyengo ino, chifukwa mvula yayandikira. Koma mapuloti onse amene munakhomapo chikhomo chatsopano adzawayenderanso gulu lina. Za chaka chamawa sindikulonjezani kanthu. Mudzafunsire ngati wina aliyense."

"Ndamva, mayi. Chikhomo chatsopano ndinakhoma chimodzi chokha, ndipo tinachizula."

"Mulembe zonsezi pa pepala limodzi, m'mawu osavuta, kuti magulu ena awerenge. Dzina lanu likhale pansi."

Singano analemba pepalalo pa khonde la ofesi, atalitsamiritsa pa bondo. Atalipereka anapeza Bambo a Mapasa akumudikira pa geti, batani la m'khosi atalimasula. Anayenda limodzi kulowera ku nyumba za alonda.

"Pepani, bambo," anatero Singano. "Munandiuza kuti macheka simunawamve. Ndikanayenera kuima pomwepo n'kuyang'ananso."

"Ndiye kuti ndinadzilasa ndekha ndi mfuti yanga, osaomba n'komwe," iwo anatero akupukusa mutu. "Sabata ziwiri ndakhala ndikuyenda m'chigawo chonse m'mutu mwanga, kufunafuna pamene ngolo inalowera. Ndinayamba kukhulupirira kuti mwina ndakalamba."

"Simunakalambe. Kungoti Lolemba muziyenda mapazi makumi awiri kuchokera pa ine."

"Mapazi makumi awiri? Njati imawadya kamodzi amenewo."

"Ndiye muzilasa bwino."

Bambo a Mapasa anaseka koyamba, kuseka kwakufupi kotulukira m'mphuno.

Mayi a Mapasa anali pa khonde, manja m'chiuno. Nkhani inali itawapeza kale, chifukwa Wailesi anadutsa pamenepo. M'chipinda chochezera munali makatoni anayi omangidwa ndi zingwe, ndipo makatani anali atachotsedwa m'mazenera. Mayiwo anayang'ana amuna awo, kenako Singano, kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zake za phulusa.

"Akuti mwina chaka chamawa simudzatsogolera."

"Akutero."

"Ana muli nawo?"

"Mmodzi. Ali ndi amayi anga."

Mayiwo analowa m'nyumba, natuluka ndi mpeni wa kukhitchini, n'kuupereka kwa Singano chogwirira chili kutsogolo.

"Zingwezo ndinamanga ndili ndi mkwiyo, sizimasuka ndi zala. Yambani ndi katoni ya mbale, mudule bwino. Inu bambo, musangoima ngati mlendo, kwerani pa mpando mubwezere makatani. Nsapato zanu za ntchito zili pansi pa bedi, ndinazikankhira kukhoma kuti ndisamazione."

Singano anavula kampasi n'kuiika m'thumba la malaya, analowa, anagwada pa simenti, nayamba kudula chingwe choyamba.